Lipoti la Kamlatho ka pa Chigayo

Mutu 6

1. Mafomu atatu

Vailet Fabiano anali atatha miyezi inayi ku khonsolo monga wophunzira ntchito. Anamuika ku nthambi yoona za misewu, milatho ndi ngalande. Anali mtsikana wochangamuka, wodziwa kulemba, ndipo pa ophunzira ntchito asanu ndi mmodzi amene analowa tsiku limodzi, dzina lake ndi limene linkatchulidwa kwambiri m'maofesi. Onse ankadziwa kuti chaka chikatha, khonsolo idzalemba ntchito yokhazikika anthu awiri okha.

Lachitatu lina m'mwezi wa Okutobala, mkulu wa nthambiyo, mayi Likoya, anamuitanira mu ofesi mwawo. Mayiwa sankakonda kunena chinthu kawiri.

"Mvula yayandikira," anatero. "Amisiri tili nawo gulu limodzi lokha, ndipo sangakhale paliponse nthawi imodzi. Pali timilatho titatu timene anthu atidandaulira. Tiwiri tili ku Limbe, kachitatu kali ku Bangwe, pamalo amati pa Chigayo. Mupite mukaone ndi maso anu. Mukatsikire pansi pake, mukajambule, mukalembe. Lipoti lanu ndi limene litiuze koyambira."

Anamupatsa mafomu atatu, pamodzi ndi kalata yochokera ku komiti ya chitukuko ya ku Bangwe. Vailet anaipinda kalatayo osaiwerenga, naiponya m'chikwama.

Panja pankadikira galimoto ya khonsolo. Woyendetsa wake anali bambo Roy Namaona, amene anali atagwira ntchitoyo zaka makumi atatu ndi chimodzi. Anatsala ndi miyezi isanu kuti apume.

Timilatho ta ku Limbe anationa bwinobwino. Vailet anavula nsapato za mu ofesi, navala majombo, natsikira m'madzi akuda onunkha, a Roy atamugwirira tepi yoyezera. Pomaliza kachiwiri, nthawi inali itakwana wani koloko masana.

2. Foni ya Stacy

Akukwera m'galimoto, foni inalira. Anali Stacy, mnzake amene ankaphunzira ntchito ku nthambi yoona za antchito.

"Amwali, uli kuti? Kuno ku Sunnyside zayamba kale. Maphunziro aja a utsogoleri wa achinyamata. Akuti satifiketi apereka kwa okhawo amene afike isanakwane thu koloko. Tonse tili pompano, wasowa iwe wekha."

"Ndili ku Limbe. Kanditsalira kamlatho kamodzi."

"Kamlatho kamathawa ngati? Mawa udzakapeza pomwepo. Pa intavyu amaona mapepala, safunsa kuti unalowa m'ngalande zingati."

Vailet anatsitsa foni, nayang'ana msewu wopita ku Bangwe. Kenaka anayang'ana wotchi.

"A Roy, tibwerere ku tauni. Mukanditsitse ku Sunnyside."

A Roy sanalize galimoto nthawi yomweyo. Anavula chipewa, nachiika pamwendo.

"Achemwali, ine galimoto ino ndimapita nayo kumene ndauzidwa, ndiye ndikuperekezani. Koma mundilole ndinene kanthu. Pampando mwakhalapo ndanyamulapo mabwana ambiri. Ena anakwera maudindo, ena anachoka osatsanzika. Amene ndawaona akukhalitsa ndi aja omaliza ntchito ya lero tsiku lomwelo. Ku Bangwe si kutali. Tipite, mukaone, tibwereko. Ngati satifiketiyo ndi yanu, idzakupezani tsiku lina. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada."

"Ndipita mawa m'mamawa pa minibasi," anayankha Vailet. "Musade nkhawa."

A Roy anavala chipewa chawo, naliza galimoto.

Ku Sunnyside kunali mipando yovekedwa nsalu zoyera pansi pa mitengo ikuluikulu. Mphunzitsi wa tsikulo anayankhula za mtsogoleri wodalirika, ndipo Vailet analemba masamba atatu. Dzuwa likupendeka analandira satifiketi ya zilembo zagolide, najambulitsa ataigwira pachifuwa.

3. Siginecha

M'mawa mwake anangofika n'kupeza kapepala pa desiki pake. Komiti yoona za ntchito za khonsolo inali itasintha tsiku lokumana, ndipo mayi Likoya ankafuna lipoti isanakwane teni koloko.

Mafomu awiri anali odzaza. Yachitatu inali yoyera.

Vailet anadziwa zoyenera kuchita: kugogoda pakhomo la mayi Likoya ndi kunena kuti ku Bangwe sanafike. Anaimirira, nafika pakati pa khonde, nabwerera.

Anatsegula kompyuta ya mu ofesi, nafufuza m'mafayelo akale. Anapeza chithunzi cha kamlatho ka pa Chigayo chimene munthu wina anajambula zaka ziwiri zapitazo. Pachithunzipo kamlathoko kankaoneka kolimba. Anachiphatikiza ku lipoti, ndipo pafomu analemba kuti: "Kamlatho kali bwino. Pangofunika kuchotsa zinyalala pansi pake." Anaika deti la Lachitatu, nasayina dzina lake lonse.

Mayi Likoya anawerenga masamba onse, nagwedeza mutu.

"Mwagwira ntchito. Amisiri ayambira ku Limbe. Ku Bangwe tidzaona mvula ikatha."

Vailet anathokoza maso ali pansi. Anadziuza kuti apita Loweruka kukatsimikiza. Loweruka linafika, kunyumba kunali zochapa. Loweruka linalo kunali ukwati wa msuweni wake. Pambuyo pake anasiya kuwerenga masiku.

4. Mafunso a mayi Tasnim

Patatha masabata atatu, mvula yoyamba inagwa masiku awiri osakata. Lolemba m'mawa Vailet anaitanidwa ku chipinda cha misonkhano. Anapezamo mayi Likoya, mkulu woyang'anira magalimoto, khansala wa dera la ku Bangwe, ndi mayi wina wovala mpango wakuda, matope ali m'mphepete mwa chitenje chake. Anali mayi Tasnim Bwanali, wapampando wa komiti ya chitukuko imene inalemba kalata ija.

Mayi Tasnim sanakweze mawu. Anafotokoza kuti Loweruka m'mawa mbali imodzi ya kamlatho inagumuka. Pa nthawiyo pankadutsa mayi Alefa, wogulitsa tomato, dengu lili pamutu. Anagwera m'khwawa, mwendo n'kuthyoka pawiri.

"M'kalata yathu tinanena kuti chipilala chang'ambika," anatero. "Mng'alu wake munthu ankalowetsamo dzanja. Tinauzidwa kuti kubwera munthu kudzaona, ndipo tinadikira tsiku lonse. Lero ndamva kuti munthuyo anabwera, ndipo anapeza kuti zonse zili bwino. Ndiye ndafuna ndimuone, ndimufunse: munafika nthawi yanji? Munaima mbali iti? Chifukwa mtengo wa mbawa uli pachithunzi chanuchi tinaudula chaka chatha."

Onse anatembenukira kwa Vailet.

Mawu anatuluka asanawayeze.

"Ine ku Bangwe sindikudziwa bwino. Ndinapita kumene adalaivala ananditengera. Mwina anandionetsa kamlatho kena."

Mayi Likoya anamuyang'ana nthawi yaitali. Mkulu wa magalimoto anatumiza uthenga kuti a Roy abwere.

A Roy analowa chipewa chili m'manja. Mkulu wa magalimoto anawafotokozera zimene Vailet ananena. Mkuluyo anawonjeza kuti m'buku la maulendo a tsikulo, makilomita olembedwamo sankakwana ulendo wofika ku Bangwe.

"Mutiuze, a Namaona. Mtsikanayu munamutengera kuti?"

A Roy anayang'ana Vailet kamodzi kokha. Iye anali atazika maso pa tebulo.

"Bwana, ine ndinapita kumene ndinauzidwa," anayankha. "Zina zonse anene okha achemwaliwa. Ali ndi pakamwa."

Vailet sanadzutse maso. Mkulu wa magalimoto anatambasula dzanja, ndipo a Roy anatulutsa makiyi m'thumba nawapereka. Anauzidwa kuti akakhale kunyumba mpaka nkhaniyo itafufuzidwa.

5. Pakhonde la telala

Bambo ake a Vailet, a Fabiano, ankasoka zovala pakhonde la sitolo ina ku Limbe. Masiku ambiri iye ankadzera kumeneko akaweruka, kuti akwere limodzi minibasi yobwerera ku Nkolokosa. Tsiku limenelo anafika dzuwa likadalipo, nakhala pa benchi osapereka moni wokwanira.

A Fabiano anapitiriza kupalasa makina mpaka anamaliza msoko. Kenaka anadula ulusi ndi mano.

"Nkhope imeneyo si ya njala. Chachitika n'chiyani?"

Vailet anayamba ndi nkhani ya mvula, napita ku nkhani ya mayi wothyoka mwendo. Atafika pa makiyi a a Roy, ananena zonse, kuyambira pa foni ya Stacy.

Bambo ake anamvetsera mpaka kumapeto. Anapinda buluku limene ankasoka, naliika pambali.

"Vailet, agogo ako anabwera m'tauni muno kuchokera ku Milanje, ku Mozambiki, wapansi. Analibe pepala ngakhale limodzi losonyeza kuti iwo ndi ndani. Chimene chinawapezera ntchito, chimene chinatilera ife, ndi chakuti akanena kuti ndatseka chitseko, bwana sankapitanso kukayesa loko. Dzina limene unasayina papepalalo ndi lomwelo. Sunaligule, unalipeza.

"Ine pano munthu akandibweretsera nsalu, ndimamuyeza. Ndikachita ulesi n'kungomuyang'ana ndi maso, malaya amuthina, abwera adzanditukwana, nkhani yathera pomwepo. Koma iwe ntchito unasankhayi ndi ina. Muyeso wako ukalakwika, amene amagwa ndi munthu amene sanakuonepo, amene sakudziwa n'komwe kuti kuli mtsikana dzina lake Vailet. Anthu amadutsa pamlatho osayang'ana pansi chifukwa amakhulupirira kuti wina anayang'ana kale. Wina ameneyo unali iwe.

"Kusapita ku Bangwe kunali kulakwa kwa mwana. Kulemba zimene sunaone kunali kulakwa kwa munthu wamkulu. Koma ichi chachitatu, chosenzetsa mkulu ngati uja katundu wako, sindikudziwa ndichitche chiyani. Munthu wagwira ntchito zaka zonsezo, atuluke pa geti ndi mbiri yoti anasocheretsa mwana? Ndipo iye anali ndi mpata wokuvula pamaso pa anthu, koma anakusiyira chitenje chako. Ukuganiza kuti anachita zimenezo chifukwa choopa iwe?"

Misozi inali ikugwera pa siketi ya Vailet.

"Ababa, ndikanena zoona andichotsa."

"Mwina akuchotsadi. Ukachotsedwa udzabwera pano, ndidzakuphunzitsa kusoka mabatani, tidzadya zomwezo. Za mwendo wa mayi uja, madzi atayika, sitingawaole. Koma za a Roy zikadali m'manja mwako mpaka mawa m'mawa. Ine sindikuperekeza. Posayina unali wekha."

Ananyamula mutu wa makina, naulowetsa m'sitolo monga ankachitira masiku onse. M'minibasi anakhala moyandikana mpaka ku Nkolokosa.

6. Kugogoda

Lachiwiri Vailet anafika ku ntchito alonda asanasinthane. Anakhala pa desiki, nalemba tsamba limodzi ndi dzanja. Stacy atafika anasuzumira papepalapo, namugwira mkono.

"Wapenga? Nkhaniyi yagwera kale kwina. Adala aja akupuma basi, palibe chimene ataye. Iwe ukutaya tsogolo."

Vailet anachotsa mkono wake pang'onopang'ono, napita kukagogoda.

Mayi Likoya anawerenga tsambalo Vailet ali chiimire. Atamaliza anatsegula kabati, natulutsa chithunzi cha mu lipoti lija, nachiika pa tebulo.

"Chithunzi ichi ndinajambula ndine, zaka ziwiri zapitazo. Tsiku munandipatsa lipoti sindinachiyang'anitsitse, chifukwa ndinakukhulupirirani. Pamenepo ndinalakwa ine, ndipo ndikayankha kwa akuluakulu anga. Dzulo mayi Tasnim atatchula za mtengo, ndinachizindikira. Ndikanatha kunena pomwepo. Ndinafuna ndione ngati mubwere nokha, ndipo ndinakupatsani mpaka lero masana."

Vailet anafuna kuyankha, koma mayiwo anakweza dzanja.

"Khalani pansi, mumve. Achinyamata ambiri mukafika kuno mumaganiza kuti kukwera pa ntchito ndi kusonkhanitsa mapepala. Maphunziro ndi abwino, ine ndapitako ambiri. Mukanandipempha, ndikanakuuzani kuti maphunziro omwewo achitikanso mu Febuluwale, ndipo dzina lanu ndikanalilemba ndekha. Koma khonsolo si nyumba ino. Khonsolo ndi msika, ndi ngalande, ndi kamlatho kamene mayi amadutsapo ndi dengu. Ife tili muno sitingafike konseko, ndiye timatuma maso. Maso akanama, thupi lonse limagwera m'dzenje.

"Tsiku lina mudzakhala pampando ngati uno, ngati mudzafikepo. Mudzasayina mapepala a zinthu zimene simunazione, podalira ana a eni amene mwawatuma. Tsiku limenelo mudzamvetsa chimene mwandichita. Ndipo mudziwe ichi: wamkulu pa ntchito amadziwika zinthu zikavuta. Amaima kutsogolo, olakwa ndi osalakwa omwe ali kumbuyo kwake. Inu dzulo munakankhira kutsogolo munthu wochepa mphamvu kuposa onse m'chipinda chija. Chimenecho chandipweteka kuposa lipoti."

"Ndalakwa, mayi," anatero Vailet, mawu ali pansi.

"Mwalakwadi. Mwachita bwino kubwera, koma kubwerako sikufafaniza kanthu. Kalata yanuyi ndiipereka ku komiti yosungitsa mwambo, ndipo ikumana Lolemba. Chimene akagamule sindikuchidziwa, ndipo sindikakuyankhulirani. Zisanafike pamenepo pali zinthu ziwiri. Choyamba, mukatenge makiyi aja kwa mkulu wa magalimoto, mupite nawo nokha kunyumba kwa a Namaona. Chachiwiri, Loweruka anthu a pa Chigayo aitanitsa msonkhano. Akufuna khonsolo ikafotokoze. Ine ndikakhalapo, koma woyankhula mukakhala inu."

Masana omwewo Vailet anakwera minibasi ya ku Chilomoni, kumene a Roy ankakhala. Anawapeza akukonza mpanda. Anagwada pa dothi lonyowa, napereka makiyi ndi manja awiri, napepesa.

A Roy analandira makiyiwo, nawayang'ana.

"Dzukani, achemwali, mudetsa zovala. Ndamva. Koma dzulo ndinafika pano masana, akazi anga n'kundifunsa kuti bwanji mwaweruka msanga. Ndinasowa chowauza. Chimenecho chinditengera nthawi."

Sanamuitanire m'nyumba, ndipo Vailet sanayembekezere kuti atero.

7. Pa Chigayo

Loweruka kunacha kuli mitambo. Vailet anafika ku Bangwe msonkhano usanayambe, navala majombo, natsikira m'khwawa. Anaona chipilala chimene chinagawika pakati, zitsulo zadzimbiri zili pamtunda. M'matope munali mutatsalira tomato wophwanyika. Anayeza, najambula, nalemba zonse pafomu yatsopano.

Atakwera kumtunda anapeza anthu atadzaza pabwalo la pafupi ndi chigayo chakale. Ena anakhala pa njerwa, ena anaimirira m'mbali. Ana a sukulu amene tsopano ankazungulira mtunda wautali anali pomwepo ndi makolo awo. Mayi Likoya anakhala pa benchi ya kutsogolo pamodzi ndi khansala.

Mayi Tasnim anatsegula msonkhano ndi mawu ochepa. Kenaka anati, "Amene analemba kuti kamlatho kathu kali bwino abwera. Ndi awa."

Panamveka kung'ung'udza. Vailet anaimirira, pepala lili m'manja. Anali atalemba mawu ake dzulo lake, ndipo anawaloweza. Anatsegula pakamwa kuti ayambe.

"Dikirani kaye."

Mawuwo anachokera kumbali. Anthu anapatuka, ndipo Vailet anaona mayi atakhala pampando wa pulasitiki, mwendo uli m'chikhakha kuyambira kuphazi mpaka m'ntchafu, ndodo ziwiri zili pambali pake. Sanafunikire kuuzidwa kuti amenewo ndi mayi Alefa.

"Pepalalo pindani," anatero mayiwo. "Zolemba zanu tinaziona kale. Bwerani kuno pafupi, mukhale apa pamene ndingakuoneni m'maso. Ndili ndi mafunso atatu, ndipo ndikufuna muyankhe ine."

Vailet anayang'ana kwa mayi Likoya. Iwo sanagwedeze mutu, sanamupatse chizindikiro chilichonse. Anapinda pepala lija, naliika m'thumba, nayamba kuyenda pakati pa anthu.